Mutu 4: Anamutcha Chikopa

1. Juzi ya manja aatali

Kamlomo silinali dzina lake lobadwa nalo. Anamupatsa ndi amayi ake akadali kamwana, chifukwa ankayankha munthu asanamalize kufunsa. Dzinalo linamukakamira mpaka ku sekondale. M'kalasi mwawo, wofuna kuseka ankangokhala pafupi ndi iye. Ankatha kuyerekeza mayendedwe a mphunzitsi aliyense, ngakhale katsokomoledwe ka ahedi, anzake n'kumagwira nthiti.

Chaka china ali kusekondale komweko, kunyumba kwawo kunabwera msuweni wake, mwana wa azakhali ake. Nyumba ya azakhaliwo inapsa ndi moto wa kandulo, ndipo iwo sanatulukemo. Mwana wawo anamukoka ndi anthu oyandikana nawo, koma moto unali utamudya kale mkono wamanzere, phewa ndi msana. Atachira, bambo a Kamlomo anakamutenga kuchipatala.

"Uyu ndi mwana wa mlongo wanga," anatero bambowo atafika naye. "Kuyambira lero ndi mwana wa m'nyumba muno. Pogona Kamlomo, nayenso agona pomwepo. Kusukulu muzipitira limodzi."

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, kuseri kwa msika. Atsikanawo ankagona bedi limodzi. M'mawa uliwonse, asanavale yunifolomu, Kamlomo ndiye ankadzoza Msuweni mafuta a kuchipatala pamsana, pomwe manja a mwini wake sankafika. Khungu la pamenepo linali lolimba, lonyezimira, lokokana ngati nsalu yopsa ndi simbi. Kupatula a m'nyumbamo, panalibe wina analionapo.

Kusukulu Msuweni sankavula juzi. Kaya kuzizire, kaya dzuwa liswe mtengo, iye anali m'juzi ya manja aatali, atakokera manjawo mpaka kuzala. Ankakhala kutsogolo, pafupi ndi zenera, ndipo sankayankhulayankhula.

M'kalasi momwemo munali mtsikana wamtali amene onse ankamutcha Kaputeni, chifukwa ndiye ankatsogolera timu ya mpira wamanja. Anali ndi kagulu kake. Amene Kaputeni wamusekerera, sukulu yonse inkamusekerera. Amene wamufulatira, ankadya yekha pa nthawi yopuma. Kamlomo ankalakalaka kulowa m'timuyo kuyambira kalekale.

2. Phunziro la sayansi

Tsiku lina masana kunatentha kwambiri, malata a kalasi mpaka kumalira. Kamlomo polowa anapeza Kaputeni atamusungira malo kumbuyo, pakati pa kagulu kaja. Zimenezi zinali zisanachitikepo. Anakhala pansi mtima uli m'mwamba.

Aphunzitsi a sayansi, mayi wa magalasi, anajambula chithunzi pabolodi.

"Lero tiphunzira za khungu," anatero. "Ndani angandiuze ntchito yake?"

"Limaphimba nyama ndi mafupa, Madamu."

"Limatulutsa thukuta."

"Limamva kutentha ndi kuzizira."

Mnyamata wina wovuta anakweza mkono. "Madamu, nanga munthu wakhungu uja, ndiye kuti ali ndi khungu lambiri kuposa ife?"

Kalasi inaseka. Madamu anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Khala pansi, iwe. Mawu ndi amodzi koma nkhani ndi ziwiri. Khungu la maso ndi kusaona. Lomwe tikunena lero ndi ili." Anadzitsina pamkono. "Chamoyo chilichonse chili ndi chofunda chake. Mtengo uli ndi khungwa. Nthochi ili ndi khoko. Ng'ombe ikaphedwa n'kusendedwa, chotsalacho timati chikopa, ndipo ndicho amapangira nsapato ndi malamba. Munthu ali ndi khungu. Lembani."

Anthu akulemba, Kaputeni anagunda Kamlomo ndi chigongono. Analoza kutsogolo ndi mlomo.

"Nanga m'bale wako wa juzi uja ali ndi chiti? Khungwa kapena khoko? Thukuta lonseli iye osavula, akubisa chiyani?"

Atsikana onse a kaguluko anatembenukira kwa Kamlomo, akudikira. Pakamwa pake panayabwa.

"Chikopa," ananong'ona. "Chowamba kale pamoto. Chikungodikira wosoka nsapato."

Mmodzi anabisa nkhope m'kope. Wina anagwetsa cholembera dala kuti akasekere pansi pa desiki. Kaputeni anamenya Kamlomo pamsana, misozi ya chiseko ikutuluka.

"Kwatani kumbuyoko?" anafunsa Madamu.

"Palibe, Madamu."

Msuweni sanacheuke. Anali kalikiliki kujambula chithunzi cha pabolodi chija.

Poweruka, dzinalo linali litafika kale m'makalasi ena. Mawa lake ana aang'ono, omwe sankadziwa n'komwe chiyambi chake, ankamuthamangira kumbuyo akufuula, "Chikopa! Chikopa!" Anyamata ena akamuona ankalira ngati ng'ombe.

3. Mawu a bambo

Patapita masiku, m'mawa wina Kamlomo akumudzoza mafuta, Msuweni anayankhula nkhope ili kukhoma.

"Kodi anthu aja adziwa bwanji? Ine sindinavulepo juzi kusukulu."

Dzanja la Kamlomo linaima pang'ono, kenako linapitiriza.

"Kaya. Mwina angoganiza. Asiye, atopa okha."

"Bola ndili ndi iwe," anatero Msuweni. "Pakanapanda iwe, sukulu ija ndikanaisiya."

Kamlomo anatseka botolo la mafuta.

Masana a tsiku lomwelo amayi anamutuma kukapereka madzi akumwa kwa bambo ake. Bambowo ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ina ya mumsika. Malo awo anali benchi lalifupi, bokosi la misomali ndi ulusi, chitini cha guluu, ndi mulu wa nsapato zodikira eni ake. Kamlomo anawapeza atangokhala, nsapato ili pabondo, osaisoka.

"Khala apa," anatero.

Anakhala pa bokosi.

"Dzulo msuweni wako anadzera pano kudzandipatsa moni. Kumbuyo kwake kunali ana a sukulu yanu, yunifolomu yomweyi. Ankamutchula dzina. Ndinalimva ndi makutu angawa. Iwe ukulidziwa?"

"Ndimalimva, bambo."

"Anayambitsa ndani?"

"Sindikudziwa, bambo."

Bambo anatola kachidutswa ka chikopa pansi. Anatenga chitsulo chawo chobowolera, n'kuchibaya mpaka nsonga inatulukira kuseri.

"Wamva chikulira?"

"Ayi."

"Bweretsa dzanja lako."

Kamlomo anatambasula dzanja, koma nsonga ija itangoyandikira, analibweza msanga.

"Wathawiranji? Sindinakukhudze n'komwe. Wathawa chifukwa lakolo ndi khungu. Tamvera, mwana wanga. Ine ndakalambira pa ntchito imeneyi. Chikopa ndimachidula, ndimachimenya ndi hamala, ndimachibaya tsiku lonse, ndipo sindinachipepesepo. Bwanji? Chifukwa mwini wake anafa kalekale. Chikopa ndi chotsala cha nyama yakufa. Sichimva dzuwa, sichimva singano, sichimva manyazi. Ndiye munthu akaloza mwana wa mlongo wanga n'kunena kuti chikopa, akutanthauza kuti ameneyu si munthu, ndi nyama, ndipo nyama yake yakufa. Akuuza anzake kuti mubayeni mmene mungafunire, samva kanthu."

Bambo anapitiriza.

"Ine ndinaliko kuchipatala kuja. Iwe sitinakutenge. Tsiku lililonse anamwino akabwera kudzatsuka mabala aja, mwana uja ankaluma pilo kuti asasokoneze odwala anzake. Ine bambo wamkulu ndinkathawira panja, osapirira. Khungu lomwe ukuliona pamsana pake lija silinangomera ngati udzu. Analilipira ndi misozi. Pamene linatsekeka, adokotala anandigwira chanza. Lero wina, amene sanapsepo ngakhale ndi machesi, akulisandutsa choseketsa.

"Ana inu mumayesa mawu ndi mpweya chabe. Mumati tangoseka, tangocheza. Koma dzina loipa likangotuluka silibwerera m'kamwa. Limayenda lokha, limakula, limapeza manja. Lero amutchula, mawa amukankha, mkuja amuchita china choposa, chifukwa dzina lija lawauza kale kuti palibe mlandu. Ndipo wolakwa wamkulu sakhala wokankhayo. Amakhala amene anatsegula pakamwa poyamba.

"Mlongo wanga sanandisiyire chilichonse. Nyumba inapsa, zovala zinapsa, ngakhale chithunzi chake ndilibe. Anandisiyira mwana yekhayu. Ine kusukulu sindifikako, amayi ako safikako. Maso athu kumeneko ndiwe. Pakamwa pakopo pamaseketsa anthu, ndikudziwa. Pagwiritse ntchito kumutchinjiriza. Ukaona zikupitirira, kauze aphunzitsi, kapena undiuze ine. Wandimva?"

"Ndamva, bambo."

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akudikira mawu ena. Kamlomo ankangoyang'ana misomali ya m'bokosi. Kenako kunabwera mayi wina ndi nsapato yoduka lamba, ndipo Kamlomo ananyamuka n'kumapita.

4. Kuseri kwa nyumba ya zamasewero

Mawa lake pa nthawi yopuma, Kaputeni anakokera Kamlomo pambali.

"M'timu mwapezeka malo," anatero. "Ndanena kale kuti ndi ako. Koma atsikanawa akuti unatinamiza. Akufuna aone ndi maso awo."

"Aone chiyani?"

"Chikopa chija. Kamuitane abwere kuseri kwa nyumba yosungiramo mipira. Amamvera iwe wekha."

"Mukufuna mukamutani?"

"Kungoona basi. Kuona kumapweteka?"

"Ayi, zimenezo zokha ayi. Bambo anga..."

Kaputeni anaseka. "Bambo ako akudziwa amene anayambitsa dzinali? Nanga mwini wakeyo akudziwa? Ukakana, ndipita pompano ndikamuuze. Sankha."

Kuchokera pomwe anaima, Kamlomo ankaona ofesi ya aphunzitsi. Chitseko chinali chotsegula, ndipo Madamu a sayansi anali momwemo akuchonga makope. Kunali kufupi. Anayang'ana chitsekocho, anayang'ana Kaputeni. Kenako anatembenuka n'kulowera kukalasi.

Msuweni anali yekha pamalo pake, akuwerenga.

"Tiye, ndikakuonetse kanthu."

"Kanthu kanji?"

"Tiye basi, ukaona komweko."

Msuweni anamwetulira, natseka buku. Potuluka anagwira dzanja la Kamlomo ndi dzanja lake lamanzere, lomwe sankalola munthu wina aliyense kuligwira.

Kuseri kwa nyumba ija kunali udzu wautali ndi madesiki othyoka. Atangokhota, atsikana anawazungulira. Kamlomo anasolola dzanja lake.

"Kwatentha lero," anatero Kaputeni. "Tikuthandize kuvula."

"Ndisiyeni. Kamlomo, auze andisiye."

Awiri anamugwira mikono. Wina anakoka juzi kuchokera kumsana. Msuweni analimbana nawo, koma anali ambiri. Juzi inavuka kudzera kumutu, ndipo bulauzi ya mkati inang'ambika paphewa, mabatani n'kugwera mu udzu.



Panalibe anaseka. Amene anamugwira aja anamusiya ngati agwira mbaula. Mtsikana wina anatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Wina anatembenuka, nayamba kulira. Dzuwa linkawala pa phewa lija, pa mkono uja, pa zipsera zokwera mpaka m'khosi.

Kaputeni yekha ndiye anayesa kuseka, koma chiseko chake chinatuluka chouma.

"Basi, taona. Kamlomo sananame."

Msuweni anatembenuka pang'onopang'ono.

"Kamlomo?"

"Ee, nanga ndani?" anatero Kaputeni. "Dzina lija anakupatsa ndi m'bale wako yemweyu. Ife tikanadziwa bwanji?"

"Zinali zocheza," anatero Kamlomo. "Nthabwala chabe za pachisuweni. Sindinkadziwa kuti..."

Msuweni sanalire. Sanadziphimbe n'komwe. Anayang'ana manja a Kamlomo.

"Lero lomwe m'mawa wandidzoza ndi manja amenewo," anatero motsitsa mawu. "Unkandidzoza ukuganiza za ng'ombe?"

Kamlomo anabisa manja ake kumbuyo.

Msuweni anadutsa pakati pawo. Anayenda pakati penipeni pa bwalo, bulauzi ikulendewera, sukulu yonse ikumuona. Ana omwe ankasewera anaima. Mlonda wa pageti anamuitana, koma iye sanacheuke. Anatuluka.

Kaputeni anatola juzi ija n'kuiponyera pachifuwa pa Kamlomo.

"Tenga katundu wa kwanu. Wina akafunsa, ife kuno sitinafikeko. Wamubweretsa ndiwe." Anayamba kuchoka, kenako anacheuka. "Za timu zija uiwale. Munthu wogulitsa m'bale wake, ife tingamukhulupirire bwanji?"

Belu linalira. Onse anathamangira m'kalasi. Kamlomo anapinda juzi ija n'kuikankhira pansi pa mabuku m'chikwama chake.

5. Mnzako ali kuti?

Kunyumba anapeza amayi akusita zovala pakhonde.

"Mnzako ali kuti?"

"Sanafike?"

"Ndikanakufunsa akanakhala kuti wafika? Simunaweruke limodzi?"

"Anatsogola. Mwina wadzera kwa bambo."

Analowa kuchipinda. Zonse zinali mmene anazisiyira m'mawa: bedi loyala, nsapato zapakhomo za Msuweni pansi pake, botolo la mafuta pazenera. Anakhala pabedi osavula yunifolomu. Aliyense akadutsa panja, ankadzuka kukasuzumira.

Dzuwa litapendeka, bambo anafika atanyamula bokosi lawo paphewa. Anali okha.

"Mwana uja sali nanu?" anafunsa amayi.

"Ali nane bwanji? Lero sanadzere n'komwe."

Amayi anazimitsa simbi. Analowa m'nyumba zoyandikana nazo imodziimodzi, n'kubwerako manja ali m'chiuno. Palibe anamuona.

"Kamlomo, tuluka kuno! Makope ake ali kuti? Kapena wakutengetsa?"

Asanayankhe, amayi anali atatsegula kale chikwama chake. Anatulutsa buku, anatulutsa lina. Kenako dzanja lawo linaima. Anasolola juzi ija pang'onopang'ono. Inali yotanuka khosi, udzu utamatirira m'manja mwake.

Anaipereka kwa bambo.

Bambo anaitembenuza uku ndi uku. Anachotsapo kaudzu kamodzi. Atayankhula, mawu awo anali otsika kwambiri, ndipo Kamlomo akanakonda akanamukalipira.

"Mwana uja sangavule juzi iyi yekha, ngakhale atamulonjeza dziko lonse. Ili m'chikwama mwako. Dzulo ndinakufunsa funso, unati sukudziwa. Ndikufunsenso?"

Kamlomo anagwada pansi. Misozi inayamba kugwa.

"Ndine, bambo. Dzina lija ndinayambitsa ndine. Leronso ndine ndinamuitana."

Amayi anakhala pansi pomwepo, manja kumutu. "Mayo ine! Mwana wobereka ndekha!"

"Kulira tilira pambuyo," anatero bambo. "Dzuka. Utsogole. Kusanade timupeze."

Anatuluka awiriwo, bambo atakolekera juzi ija pamkono. Anafunsa kwa ometa tsitsi, anafunsa kwa ogulitsa makala, anafunsa pa mpope pomwe amayi ankatunga madzi. Ena anapukusa mitu. Ena anati anaona mwana wa sukulu akuyenda ngati wosokonezeka, kulowera kumsewu waukulu.

Pamphambano ya msewu waukuluwo panali mayi wina wogulitsa tomato, amene ankawadziwa bambowo chifukwa ankamusokera nsapato. Anali akulongedza katundu wake m'dengu.

"Pepani mayi," anatero bambo. "Simunaoneko mtsikana wa yunifolomu ngati iyi? Wopanda juzi, bulauzi yong'ambika paphewa?"

"Wa zipsera uja? Ndamuona, bambo. Anakhala pamwala apo nthawi yaitali, dzuwa lonse lija likumuthera pathupi. Ndinamufunsa kuti mwanawe watani, iye osayankha. Ndinamufunditsa nsalu yanga, chifukwa anthu ankangoima n'kumamuyang'ana."

"Ndiye ali kuti?"

"Aa, musadandaule, amutenga kale. Panaima galimoto yoyera apa. Munatuluka bambo wina wovala bwino, anayankhula naye mokoma, anamugulira chakumwa. Kenako anamutsegulira chitseko, mwanayo n'kukwera. Alowera uko." Analoza kumene msewu unkatulukira m'tauni. "Ine ndimayesa ndi abale anu."

Bambo anayang'ana msewuwo. Magalimoto ankadutsa, ena atayatsa kale nyali. Juzi ija inatsetsereka pamkono pawo n'kugwera m'fumbi, ndipo sanaitole.

"Mayi," anatero, "ife tilibe m'bale wa galimoto."